Kodi madzi amatsukadi tizilombo m'chikhodzodzo?

Mayi wina wa ku Nkhotakota wandilembera imelo. Akuti matenda a m'chikhodzodzo sachedwa kuwabwerera, ndipo aliyense amangowauza kuti azimwa madzi ambiri. Tsono mwana wa achimwene awo yemwe ali ku koleji wawauza kuti mabakiteriya oyambitsa matendawa akamakokedwa ndi mkodzo m'pamene amakakamira kwambiri. Akufunsa: nanga madziwo ndizimwera chiyani?

Amayi, mwanayo sananame. Koma ndilolereni nditulutse kaye zakukhosi, chifukwa nkhani yanuyi yandikanda pachilonda.

Nditangoyamba uphunzitsi kuno ku Salima, ndinali pasukulu ina yomwe chimbudzi cha aphunzitsi aakazi chinalibe chitseko, ndipo chinayang'anizana ndi bwalo lomwe anyamata ankasewerera mpira. Ndiye tinapeza nzeru yathu: osamwa kanthu m'mawa. Tiyi ayi, madzi ayi. Taganizani dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno, fumbi la choko kukhosi, munthu n'kumayankhula mpaka kuweruka. Mkodzo ukabwera ndinkausunga, kenaka n'kukwera kabaza, bampu aliyense ndikumumva m'chinena. Posakhalitsa kunayamba kuwotcha pokodza. Usiku wonse ndili m'njira ya kuchimbudzi, kotuluka timadontho basi. Pagolosale ina anandipatsa makapusozi owerengeka m'kapepala, ndamwa, kwaleka, mwezi usanathe kwayambiranso. Chimene chinandipweteka kuposa zonse ndi mawu a mlamu wanga wina, amene anafunsa ngati akuseka kuti, “Kodi zimenezi mwazitenga kuti?”

Sindinazitenge kulikonse. Ambiri mwa matendawa amayamba ndi E. coli, bakiteriya wokhala m'matumbo mwathu momwemu, ndipo njira ya mkodzo ya mkazi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, choncho ulendo wake sutalika. Kugona ndi mwamuna kungathe kuthandiza kukankhira tizilomboti mkati, koma si matenda achiwerewere. Pafupifupi theka la akazi amadwalapo matendawa pamoyo wawo. Amene amanyoza mkazi chifukwa cha zimenezi ndi mbuli, ndipo sindibweza mawu. Komanso aliyense womanga sukulu, msika kapena depoti popanda chimbudzi chotseka cha akazi adziwe kuti akudwalitsa anthu.

Tibwerere kwa mwana wa achimwene anu uja. E. coli ali ndi tiubweya tambirimbiri kunja kwake, ndipo kunsonga kwa kalikonse kuli puloteni yotchedwa FimH. Ntchito yake ndi kugwira shuga wina, mannose, yemwe ali pamapuloteni okuta mkati mwa chikhodzodzo. Mu 2002, Wendy Thomas, Viola Vogel, Evgeni Sokurenko ndi anzawo ku Seattle, ku America, anaonetsa chinthu chodabwitsa: madzi akamayenda pang'onopang'ono, bakiteriyayu amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, koma liwiro likakwera amamatirira. FimH ili ndi zigawo ziwiri. Zikakhala zokhudzana, kathumba kogwirira shuga kamakhala kolobodoka. Mphamvu ikazikoka n'kuzitalikitsa, kathumbako kamafinya shuga uja zolimba. Akatswiri amati catch bond. Amene munamangapo mbuzi ndi mfundo yothina yokha mukudziwa: mbuzi ikangoima chingwe chimakhala chomasuka m'khosi, ikathamanga m'pamene chimaigwira.

Ine zimenezi zimandichititsa kaso ngakhale zinandizunza. Mkodzo uli ndi puloteni yakeyake, uromodulin, yomwe impso zimatulutsa, nayonso yokutidwa ndi mannose, kuti bakiteriya agwire iyoyo n'kutuluka nayo limodzi. Ndiye mkangano ulipo tsiku lililonse m'thupi mwanu popanda inu kudziwa. Kaubweya kaja nakonso si ndodo youma: ndi kopotana, ndipo kakakokedwa kamamasuka n'kutalika, mwakuti kukoka kwadzidzidzi sikufika konse pansonga.

Ndipo si E. coli yekha. Pali Staphylococcus epidermidis, wokhala pakhungu pathu mwamtendere mpaka atapeza kachubu ka dilipi kapena chipangizo china choikidwa m'thupi. Chinthu chotero magazi amachikuta msanga ndi puloteni ya fibrinogen, ndipo bakiteriyayu amaigwira ndi puloteni yake ya SdrG. Mu 2018 akatswiri a ku Munich, ku Germany, anakoka mgwirizano umodzi wokha woterewu ndi makina, ndipo unalekana pa mphamvu yoposa ma nanonewton 2, kuyandikira mphamvu yolekanitsa maatomu ogwirana m'molekyulu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe nthawi zina achipatala amachotsera kachubuko m'malo modalira mankhwala okha. M'bale wake, Staphylococcus aureus, amatha kukhazikika pamavalavu a mtima, pamalo pomwe magazi amadutsa mwaliwiro. Ngakhale maselo athu oyera a m'magazi amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi pogubuduzika m'mphepete mwa mitsempha kupita pomwe pali bala. Zimenezo zinaonetsedwa mu 2003.

Apa ndiye ndimapsa mtima ndi anthu ogulitsa mabotolo a “zotsuka m'thupi” m'mabasi a pamsewu wa kunyanja. Chikhodzodzo sichitsukidwa choncho. Ena mwa mabakiteriyawa amalowa mkati mwenimweni mwa maselo ake n'kuswana mmenemo, monga akatswiri a ku St. Louis, ku America, anaonera m'mbewa. Ngakhale mannose wogulitsidwa ngati ufa, yemwe pamaganizo amaoneka ngati yankho lenileni, atayesedwa ku Britain pa akazi 598, zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti sanachepetse kubwerera kwa matenda. Nanga botolo lopanda n'dzina lomwe lingatani?

Ndiye muzimwa madzi kapena ayi?

Muzimwa. Si mabakiteriya onse amene agwira khoma. Ambiri amayandama mumkodzo n'kumaswana, ndipo E. coli zinthu zikamuyendera amatha kuwirikiza m'mphindi 20 zokha. Kukodza pafupipafupi kumawatulutsa asanachuluke. Pa kafukufuku wa mu 2018 wa akazi 140 a ku Bulgaria omwe ankamwa madzi ochepa, amene anawonjezera malita 1.5 patsiku anadwala pafupifupi ka 1.7 pachaka, pomwe enawo ka 3.2. Ndalama zake zinachokera ku kampani yogulitsa madzi a m'mabotolo, izo ndinene, komabe ine ndimazikhulupirira. Madzi amateteza, sachiza matenda amene ayamba kale.

Musasunge mkodzo. Kukayamba kuwotcha, pitani kuchipatala akayeze mkodzo, ndipo mankhwala mumwe monga akuuzirani. Makapusozi a pagolosale aja amangophunzitsa tizilombo kupirira. Mukamva kutentha thupi, kusanza kapena kupweteka m'mbali mwa msana, kapena ngati muli oyembekezera, pitani tsiku lomwelo. Ndipo popeza muli ku Nkhotakota, ngati mumachapa kapena kusamba m'nyanja kapena m'madambo, apempheni ayezenso likodzo, makamaka mukaona magazi kumapeto kokodza. Limenelo ndi nyongolotsi, mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo a mabakiteriya salikhudza n'komwe.