Achemwali ofunsa za zojambula zamakono, yambirani pa chipewa cha Chilembwe

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munalowa m'chionetsero cha zojambula, munayenda khoma ndi khoma anzanu akugwedeza mitu, inu n'kutulukamo muli kakasi. Tsopano mukufunsa poyambira kuti zinthu zimenezi zizikufikani pamtima, komanso ngati n'chanzeru kugula chimodzi choti mupachike m'nyumba yanu yatsopano. Ine si wojambula, koma papita zaka ndikutsata ntchito za anthu amenewa, ndiye ndikuuzeni mmene ineyo ndinazikondera.

Lekani kaye kufunsa kuti “kodi chikutanthauza chiyani?” Funso limeneli likabwera msanga, maso amasiya kugwira ntchito, mutu n'kuyamba kusaka yankho ngati muli pa mayeso. Ife tinakula tikuonera gule. Chilombo chikalowa m'bwalo palibe amene amaimitsa ng'oma kuti alongosole. Mumayang'ana chimene chavala, kaya ndi nsanza, nthenga kapena makoko a chimanga, mumaona mayendedwe ake, kenako mumadzazindikira nokha amene chikumunena. Simoni akatulukira ndi nkhope yake yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, mwana aliyense amaseka asanauzidwe kalikonse. Ndipo a kudambwe sanatsalire m'mbuyo: galimoto itafika m'dziko muno, inatulukiranso m'bwalo. Maso amene mumaonera gulewo ndi omwewo amene akufunika m'chionetsero. Muli nawo kale.

Ndiye yambani ndi munthu wathu, Samson Kambalu. Anabadwa mu 1975, anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College ku Zomba, ndipo pano amaphunzitsa zaluso ku yunivesite ya Oxford ku England. Lembani dzina lake pa intaneti pamodzi ndi liwu lakuti Antelope, muone chiboliboli chimene chinaima pa Trafalgar Square ku London kuyambira mu September 2022 mpaka mu 2024. Pabwalo limeneli pali nsanamira zinayi zoikapo ziboliboli. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti padzakhale mfumu ya ku Britain ili pa hatchi, koma ndalama zinavuta, ndipo panakhala popanda kanthu zaka zoposa 150. Masiku ano amaikapo ntchito za aluso amoyo mosinthanasinthana. Apo ndi pamene Kambalu anaimika John Chilembwe.

Musathamangire kuwerenga zimene anthu analemba. Yang'anani kaye. Pali amuna awiri. Wina ndi wamkulu kwambiri, kuposa msinkhu wa munthu, winayo ndi wa msinkhu wamba, ndipo pambali pa mnzakeyo akuoneka wochepa. Wamkuluyo ndi Chilembwe, wamng'onoyo ndi John Chorley, mmishonale wachizungu amene anali bwenzi lake. Onse avala masuti, onse avala zipewa. Palibe mfuti, palibe chibakera chokwezedwa, palibe unyolo woduka. Tsiku loyamba ndinachiona pa foni ndinadabwa kuti munthu amene anatsogolera kuukira kwa mu January 1915 angoimikidwa phee chonchi. Patapita masiku ndi pamene chipewa chija chinayamba kundilankhula. Kambalu anatengera chithunzi chimene chinajambulidwa mu 1914 pa tchalitchi chatsopano cha Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kukhala chivalire chipewa pamaso pa mzungu. Ukaiwala kuvula, unkatha kumenyedwa. Pachithunzipo Chilembwe sanavule. Nkhondo yonse ili pamutu pakepo.

Kukula kwa msinkhu nako kuli ndi nkhani. M'mabuku a atsamunda mzungu ndiye amakhala wamkulu, wakuda amakhala “mnyamata” woima kumbuyo, nthawi zambiri wopanda dzina. Kambalu anangotembenuza muyeso, osamuchotsapo Chorley, osamunyoza. Anamusiya pomwepo ngati bwenzi, koma pa msinkhu wake weniweni. Ndipo dzina lakuti Antelope kwa Mngelezi ndi nyama chabe ya m'tchire, koma kwa inu ndi ine likutikumbutsa Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chija chimene chimatulukira pa maliro ndi pa chizangala. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti pali zina m'ntchito imeneyi zimene Mchewa wa ku Dedza angazione msanga kuposa pulofesa wa ku London. Zinandilimbitsa mtima, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kulowa m'zionetsero ndi manyazi.

Ndisakunamizeni kuti zonse za Kambalu zimandikomera. Ntchito imene inamutchukitsa poyamba ndi Holy Ball, mpira wamiyendo womatidwa ndi masamba a Baibulo, umene anthu ankaloledwa kuuponda ndi kuusewera. Ine ndinakulira m'tchalitchi, ndipo mpaka lero ndikauganizira mtima umachita thi. Koma unandisiyira funso limene sindinalithe: kodi chopatulika ndi pepala, kapena mawu? Nanga bwanji Lamulungu masana mabwalo a mpira amadzaza kuposa mmene matchalitchi ena amadzazira m'mawa? Ntchito ikhoza kukukwiyitsani koma n'kukhala yamphamvu. Kuyamikira luso si kuwomba m'manja pa chilichonse. Muli ndi ufulu wonena kuti “ichi sindikuchifuna,” bola mwayamba mwaima patsogolo pake nthawi yokwanira.

Wachiwiri, amene ndikukhulupirira kuti inu mudzamukonda kuposa onse, ndi Billie Zangewa. Anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, anaphunzira ku Rhodes University ku South Africa, ndipo amakhala ku Johannesburg. Iyeyu sagwiritsa penti. Amadula tizidutswa ta nsalu ya silika n'kumatisoka pamanja, kamodzikamodzi, mpaka patuluke nkhope, khitchini, msewu wa mu tawuni. Zimene amasokazo ndi zimene ambiri amati si nkhani: mayi akuperekeza mwana kusukulu, mayi wakhala yekha akumwa tiyi, mwana wagona. Nthawi zambiri mayiyo ndi mwini wakeyo. Muyang'anitsitse m'mphepete mwa nsaluzo. Sizikhala zowongoka, pena pamakhala ngati pang'ambika kapena padulidwa dala, ndipo ulusi umaonekera. Ine ndikaziona ndimakumbukira amayi anga ali pamkeka madzulo akusoka zigamba pa yunifolomu yanga, ntchito imene palibe anaitchulapo kuti luso. Zangewa anatenga singano yomweyo n'kuilowetsa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso za ku Paris ndi ku America. Kwa ine, chimene chikulankhula kwambiri pa ntchito zake ndi nthawi: msoko uliwonse ndi mphindi ya moyo wa mzimayi imene wina aliyense akanaitaya osaiwerenga.

Mwaona kuti pa Zangewa funso lothandiza linali lakuti “wachipanga ndi chiyani?” Limeneli ndilo ndikukupatsani kuti muzilowa nalo paliponse. Liyeseni pa Gonçalo Mabunda wa ku Maputo, amene amawotcherera mipando yachifumu ndi zigoba za nkhope kuchokera ku mfuti, zipolopolo ndi zidutswa za mabomba zotsala pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Aliyense amene anakulira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Nsanje m'zaka zimenezo akukumbukira abale athu othawa nkhondo amene anadzaza m'midzi ndi m'misasa. Mpando wa mfumu wopangidwa ndi mfuti sufuna womasulira kwa munthu woteroyo. Liyeseninso pa El Anatsui wa ku Ghana, amene amalumikiza zitsekerero za mabotolo a mowa zikwizikwi ndi waya wa kopa, n'kutuluka chinsalu chachikulu chonyezimira ngati chovala cha mfumu. Mukaima patali mumaona golide. Mukasendera pafupi mumawerenga mayina a mowa. Ulendo umenewo, wochoka patali kufika pafupi, ndiwo ntchito yake.

Koma foni ili ndi malire, achemwali. Chinthu chachikulu ngati khoma chimaoneka ngati sitampa, ndipo msoko wa singano suoneka n'komwe. Mukapeza mpata kwerani basi mupite ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza kufupi ndi Mtakataka. Kumeneko kuli Kungoni Centre, imene bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa mu 1976. M'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana, ndipo panja mukapeza osema ali pantchito ndi sompho ndi tchizulo. Khalani nawo pansi, afunseni mtengo umene akusemawo ndi wanji, chifukwa chiyani asankha umenewo. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala yomangidwa mu 1882, muli malo oonetsera ndi kugulitsa zojambula za aluso a kuno kwathu. Ndipo ngati ntchito idzakufikitseni ku Cape Town, musabwerere musanalowe mu Zeitz MOCAA, nyumba ya zaluso zamakono za mu Africa imene inatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe yakale ya chimanga ya padoko.

Mukalowa, musafune kuona zonse. Cholakwa chimene chinachitika tsiku lija n'chakuti munayenda khoma ndi khoma. Zungulirani kamodzi mofulumira, kenako mubwerere pa chimodzi chimene chakukokani, ngakhale chakukokani chifukwa chokunyansani. Imani pamenepo mphindi khumi. Zimaoneka zambiri, koma cha m'ma mphindi zitatu maso amayamba kutola zimene anadumpha: pomwe burashi inathamanga, pomwe wojambula anafuta n'kuyambanso, mtundu umene wabisala pansi pa unzake. Kapepala kofotokoza kamene amaika pambali pa chojambulacho mukawerenge pomaliza. Ndipo pitani ndi mwana ngati alipo, chifukwa ana amanena chimene akuona popanda kuopa kulakwa.

Tsopano za kugula. Inde, gulani, ndipo mugule kwa munthu wamoyo amene mungamugwire chanza. M'misika ya ziboliboli, monga pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ku Lilongwe, mudzaona zithunzi zofanana zambirimbiri: amayi asenza mitsuko, dzuwa likulowa panyanja, msodzi ali m'bwato. Sindikuzinyoza. Zimenezo ndi zimene alendo amagula, ndipo zikulipira fizi ya ana ndi lendi. Koma ambiri mwa anyamata amenewa ali ndi ntchito zina kunyumba zimene amajambula akakhala okha, zimene amaganiza kuti palibe angazifune. Mufunseni kuti, “Achimwene, nanga zimene mumajambulira mtima wanu zili kuti?” Ine ndinafunsapo chonchi mnyamata wina, ndipo patatha masiku awiri anandibweretsera chithunzi cha mzere wa anthu odikira mafuta pa filing'i siteshoni usiku, zigubu zili mbwee, nkhope zonse zili zobiriwira ndi kuwala kwa mafoni. Chili pabalaza panga mpaka lero, ndipo mlendo aliyense amaima pamenepo asanakhale pansi.

Pa mtengo, kambiranani mwaulemu, koma musamutsitse ngati mukugula tomato wa madzulo. Penti wabwino ndi chinsalu chojambulapo zimachokera kunja ndipo n'zodula, kuwonjezera masabata amene munthuyo wakhala akugwira. Ngati ndalama zaperewera, muuzeni chilungamo n'kupempha kulipira pang'onopang'ono, ambiri amavomera. Kapena yambani ndi chaching'ono chojambulidwa papepala ndi makala kapena pensulo. Musagule poganiza kuti mudzagulitsa modula mtsogolo, chifukwa kuno kwathu msika woterowo ndi wochepa kwambiri. Gulani chimene mungapirire kuchiona m'mawa uliwonse mukumwa tiyi.

Musanachoke nacho, mupempheni alembe kumbuyo dzina lake lonse, chaka ndi zimene wagwiritsa ntchito pojambula, ndipo mumujambule pa foni ataima pambali pake. Kunyumba musachipachike pakhoma lowombedwa ndi dzuwa la masana kapena limene limachita chinyezi nthawi ya dzinja, ndipo poti nyumba yanu ndi yatsopano, dikirani kaye pulasitala aume bwinobwino. Cha papepala chiikeni m'felemu ya galasi, chifukwa mphemvu ndi chiswe sizichedwa. Mukachipachika mutitumizire chithunzi, pamodzi ndi dzina la wojambulayo, kuti enafe tikamupezenso.