Matanki anu sakufanana ndi a Becher chifukwa cha dzuwa

Wina wandilembera kuti anajambula matanki a madzi khumi pa foni, nachotsa mitundu kuti zithunzizo zikhale zakuda ndi zoyera, koma sizikufanana ndi za Bernd ndi Hilla Becher, akatswiri ojambula zithunzi a ku Germany. Akufunsa ngati agule kamera ina.

Musagule kaye, achimwene. Chakupwetekani ndi dzuwa.

Bernd anabadwira ku Siegen mu 1931, dera la migodi ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Poyamba mafakitale ankawajambula pamanja, koma ogumula ankafulumira kuposa pensulo yake. Hilla, wobadwira ku Potsdam mu 1934, kamera anaiphunzira ngati ntchito. Anayamba kugwirira limodzi mu 1959, ukwati n'kubwera mu 1961. Kwa zaka zoposa 40 anajambula matanki a madzi, matanki a gasi, nkhokwe za malasha ndi nsanja za pamigodi, ndipo ankadikira tsiku limene mitambo yaphimba thambo lonse. Dzuwa likawala, mthunzi umameza makwerero, mabawuti ndi zitsulo zochirikiza, mbali inayo n'kuyera mbuu osaonekanso kanthu. Kukachita mitambo, chitsulo chilichonse chimaoneka pachokha.

Ndipo anthu asamanamizane: chithunzi chimodzi cha a Becher sichidabwitsa munthu. Mphamvu ili pokhoma zithunzi 9, 12 kapena 15 pamodzi m'mizere, tanki iliyonse itaima pakati, yofanana kukula ndi inzake. Diso limayamba lokha kufananiza. Matankiwo amayamba kuoneka ngati ziboliboli, ndipo mphoto imene analandira pa chionetsero cha zaluso cha ku Venice ku Italy mu 1990 inali ya zosemasema, osati ya kujambula. Bernd anaphunzitsa kujambula zithunzi pa sukulu ya zaluso ya ku Düsseldorf kuyambira 1976 mpaka 1996, ndipo m'kalasi mwake munatuluka Andreas Gursky, Thomas Struth, Thomas Ruff ndi Candida Höfer. Ambiri a iwowa anathamangira zithunzi zamitundu, zazikulu ngati khoma. Chithunzi china cha Gursky chinagulidwa madola 4.3 miliyoni mu 2011. Ine ndimaona kuti ndalama anazipeza, koma kudekha kwa aphunzitsi awo ndi ochepa anakutengera.

Nanga kamera?

Yawo inali yaikulu, ya filimu ya masentimita 13 kwa 18, yoikidwa pa miyendo itatu, ndipo lenzi yake inkatheka kuikweza osapendeketsa kamera. Ankakweranso makwerero kapena denga kuti ayang'anizane ndi pakati pa chinthucho. Inu mukaima patsinde n'kulozetsa foni kumwamba, miyendo ya tanki imapanana kunsonga ngati ikugwa chagada. Bwererani m'mbuyo, mukwere pachulu kapena pagalimoto, mukokere chithunzi pafupi poika foni pa 2x kapena 3x, foni iime chilili. Munthu asaonekemo. Ngati muli ku Thyolo kapena ku Mulanje, dikirani chiperoni cha mu June ndi July, mujambule nkhungu ikangokwera, mvula ya mawawa isananyowetse lenzi.