Kuwonjezera asilikali ku Congo: yankho langa kwa achimwene amene afunsa

Achimwene, funso lanu ndaliona usiku, loti kodi si bwino Malawi atumize asilikali ena ambiri ku Congo kuti akathane ndi zigawenga za M23 kamodzin'kamodzi. Ndinafuna kungodutsa, koma makomenti asanduka a zipani, wina akutukwana boma ili, wina boma lija. Ine ndimakhala kuno ku Senga Bay, kufupi ndi kampu ya asilikali a parachuti, ndiye nkhaniyi kwa ife si ya pa wailesi ayi. Mundipirire, nditalikitsa.

Za zipanizo tichotseretu. Kamuzu anatumiza asilikali kukalondera njanji ya Nacala ku Mozambique mu 1987, nthawi ya RENAMO, ndipo ena sanabwerere. Mu 2013, pamene Malawi analowa m'gulu lapadera la United Nations lomenya nkhondo ku Congo pamodzi ndi South Africa ndi Tanzania, pampando panali mayi Joyce Banda. Maliro a asilikali athu amene anafera ku Congo mu 2018 anatipeza pali a Peter Mutharika. Gulu la asilikali la SADC linapita ku Congo mu Disembala 2023 pali a Chakwera. Palibe chipani chimene chingaloze chinzake chala pamenepa.

Tsopano pali chinthu chimene ambiri m'makomentimu akusakaniza. Asilikali athu anapita ku Congo ndi zisoti ziwiri zosiyana. China ndi cha UN, cha gulu lake loteteza mtendere ku Congo lotchedwa MONUSCO, chimene ndalama zake zimachokera ku New York: UN imabwezera boma lotumiza asilikali ndalama zoposa madola 1,400 pa msilikali aliyense pa mwezi, kuphatikiza chakudya, ndege ndi chipatala. Chinacho ndi cha SADC, chotchedwa SAMIDRC, chimene mayiko a m'chigawo chino ankayenera kusonkherana okha. Ndiye munthu akati "tiwonjezere", ndimayamba ndamufunsa kuti pansi pa chisoti chiti, chifukwa chachiwiricho thumba lake ndi lomwelo limene tikulephera kugulira mankhwala ndi mafuta.

Amene akuti tiwonjezere akukumbukira 2013, ndipo sakunama. Chaka chimenecho M23 inagonjadi, mu Novembala inalengeza kuti yasiya kumenya, atsogoleri ake n'kuthawira ku Uganda ndi ku Rwanda. Koma chinawagonjetsa sichinali kuchuluka kwa mitu ya anthu. Gulu lonse la mayiko atatuwo linali la asilikali pafupifupi 3,000 basi. Anali ndi mizinga, anali ndi mahelikopita a nkhondo a South Africa otchedwa Rooivalk, ndiponso mayiko ena opereka thandizo anali ataimitsa ndalama zopita ku Kigali, likulu la Rwanda, moti amene ankaimira kumbuyo M23 anabwerera m'mbuyo. M23 imene inadzukanso kumapeto kwa 2021 ndi ina. Akatswiri a UN analemba kuti asilikali a Rwanda pakati pa 3,000 ndi 4,000 anali m'dziko la Congo kuthandiza zigawengazo, ngakhale Rwanda inakana. Zida zawo n'zamakono, mpaka zogwetsera ndege. Anyamata athu anapita kukakumana ndi zimenezo kumwamba kulibe wowaphimba. Zotsatira zake tonse tinaziona mu Januwale 2025: nkhondo ya ku Sake, tauni yapafupi ndi mzinda wa Goma kum'mawa kwa Congo, inatenga Amalawi atatu, South Africa inataya 14 ku Sake ndi ku Goma, ndipo kumapeto kwa mweziwo Goma inagwa. Bwalo la ndege litatsekedwa, otsalawo anangokhala m'makampu mwawo atazunguliridwa, kotulukira kulibe.

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Pali mlongo wina timapemphera naye, amagulitsa usipa ndi tomato pamsika, amuna ake anali komweko. Foni ankaimanga pa nsonga ya chitenje kuti ikangonjenjemera aimve. Kasitomala akufunsa mtengo wa mulu, iye maso ali pa WhatsApp kuona ngati timizere tija tasanduka tiwiri. Tsiku lina anandibwezera chenje kawiri, nditamuuza anangoti, "Pepani achimwene, mutu suli pano." Mwana wake wamkulu anasiya kupita kusukulu sabata yathunthu, ati akudikira bambo ake aimbe. Bamboyo anabwera wamoyo, tithokoze Mulungu, koma mpaka lero galimoto ikaphulitsa tayala pamsewu wa ku Salima amadzidzimuka ngati mwana. Amene mukulemba kuti "msilikali analembera imfa", kalankhuleni zimenezo pamaso pa mayi ameneyu.

Komanso musandimve ngati ndikuti asilikali athu ndi amantha kapena kuti tizingokhala kwathu. Mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni, polimbana ndi zigawenga za ADF, tinataya asilikali asanu ndi mmodzi nthawi imodzi. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anabwerera pamene zipolopolo zinkagwa kukakoka mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mtanzaniayo anapulumuka, iye n'kutsala. Mu 2019 UN inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yaulemu waukulu kwambiri kwa oteteza mtendere, mkazi wake n'kukailandira ku New York. Anthu otere amaphunzitsidwa pompano pa MAFCO, koleji ya asilikali, timawaona akuthamanga mbandakucha ife tili m'mabulangete. Kulimba mtima alinako. Ndiye chifukwa chake zimandiwawa akatumizidwa ndi mfuti ya m'manja kukalimbana ndi mzinga.

Mfundo ya amalume ena aja, yoti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndaimva ndipo ndi yoona. Moto wa ku Congo utsi wake umafika kuno. Kwerani basi ya ku Lilongwe mukhotere ku Dowa mukaone Dzaleka: kampu inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, lero muli oposa 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Congo komweko. Ifenso tinasungapo anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Koma kuzima ndevu za mnzako umapita ndi madzi. Sungapite manja lendelende n'kumati tikachuluka moto uchita mantha.

Ena akuti mishoni imathandiza mabanja. Eya, nyumba zamalata zingapo kuno zamangidwa ndi alawansi ya ku Congo, ana aphunzira nayo, sindikana. Koma limenelo ndi phindu la msilikali payekha, si chifukwa choti dziko lilowere nkhondo.

Onaninso mmene zinathera. Pa 5 Febuluwale 2025 a Chakwera analamula mkulu wa asilikali kuti ayambe kukonzekera zobweza gulu lathu. Pa 13 Malichi atsogoleri a SADC anathetsa SAMIDRC yonse. Ndipo potuluka, kuyambira kumapeto kwa Epulo, asilikaliwo anapita ku Tanzania podutsa pamsewu m'dziko la Rwanda, dziko lomwelo limene likunenedwa kuti lili kumbuyo kwa amene anawawombera. Tikanakhala kuti tinawonjezera ena chikwi mu Januwale muja, akanatulukira pa geti lomwelo.

Ndiye yankho langa, achimwene, ndi ayi, pokhapokha aphungu athu, makamaka a komiti yoona za chitetezo, atatiuza poyera zinthu izi asanakweze mwana wa munthu m'ndege: akukamenyana ndi ndani kwenikweni, akulipira ndani, ndege zowateteza ndi zonyamula ovulala zichokera kuti, ndipo zikavuta atulukira njira iti. Ndikufunanso kumva kuti amayi amasiye a 2018 ndi 2025 analandira chipukuta misozi chawo chonse, komanso kuti obwera ndi mabala a m'maganizo akuonedwa ndi ndani. Phungu wathu wa kuno muli naye m'gulu lino, ndamuona amayika zithunzi za mijigo. Mumutchule pansi apa atiyankhe.