Yankho kwa amayi amene mwana wawo sagona chifukwa cha timu yake ya mpira

Amayi, mwafunsa ngati ndi matenda kuti mnyamata wanu ku Ulongwe amachezera usiku wonse akukangana pa Facebook ndi WhatsApp za timu yake, ndipo ikagonja sadya nsima. Zandikhudza, chifukwa inenso ndinadutsamo zaka zimene timu ya UD Songo inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya mpira ku Mozambique, mu 2017 ndi 2018. Ndinkadzidzimuka pakati pa usiku kuti ndione amene watinyoza. Mtima phaphapha, m'mawa mutu wolemera, ndalama ya ndiwo yathera ku mega za intaneti.

Vuto si mpirawo ayi. Facebook imakubweretsera zofanana ndi zimene umayankha kawirikawiri, ndiye ukayankha wonyoza mmodzi, mawa akuchulukira. Kusowa tulo nako kumakulitsa nkhawa ndi ukali.

Musamulande foni mokalipa, azingobisala nayo. Khalani naye pansi, mugwirizane kuti ikakwana 9 koloko usiku foni izigona m'chipinda china, ndipo atuluke m'magulu otukwanawo. Loweruka azipita kubwalo kukamenya mpira ndi anzake. Koma mukaona kuti wayamba kudzipatula, kulira, kapena kulankhula zodzipha, chonde pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.