Amene anapempha kuti boma lichoke m'zochitika za mpingo anali okhulupirira

Achimwene, mwafunsa kuti, "Kodi n'zoona kuti amene analekanitsa mpingo ndi boma ku America anali anthu odana ndi Mulungu?" Ayi ndithu. Amene analirira kwambiri kulekanitsaku anali anthu opemphera, ndipo zimandipweteka kuti masiku ano satchulidwa.

Tiyambire ku Virginia, chimodzi mwa zigawo za America, Angerezi akulamulirabe. Kumeneko mpingo wa Anglican unali wa boma. Wansembe aliyense ankalipidwa fodya wolemera mapaundi 16,000 pachaka, ndipo fodyayo ankachokera ku msonkho wa anthu, kaya ndiwe wa mpingowo kaya ayi. Wa mpingo wina akafuna kulalikira ankayenera kukapempha chilolezo. A Baptist ambiri anakana, ati wotituma ndi Mulungu, nanga chilolezo cha munthu n'chachiyani? Mu 1768 John Waller, Lewis Craig ndi anzawo anatsekeredwa ku Fredericksburg. Anauzidwa kuti akalonjeza kusiya kulalikira atulutsidwa. Iwo anakana, n'kumalalikira pazenera la ndende, anthu ataunjikana panja kumvetsera. Mnzawo James Ireland, ali m'ndende ku Culpeper, adani ake anamufukizira utsi wa tsabola ndi sulufule kuti abanike. Olamula kuti atsekeredwe ndi otsekeredwawo, onsewo ankawerenga Baibulo limodzi.

James Madison, yemwe pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa America, anakulira kufupi ndi kumeneko. Mu 1774, ali ndi zaka 22, analembera mnzake kalata yodandaula kuti anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi osalakwa ali m'ndende chifukwa cholankhula zimene amakhulupirira. Nkhaniyi sinamuchoke mumtima. Mu 1776, pokonza chikalata cha ufulu wa anthu a ku Virginia, George Mason analemba kuti boma lizilolera zipembedzo zonse. Madison anakana mawu akuti kulolera, nati alembe kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopembedza monga chikumbumtima chake chikumuuzira. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Wokulolera lero akhoza kukukaniza mawa, koma chomwe unabadwa nacho palibe wokubwereka.

Mkangano waukulu unabwera mu 1784. Patrick Henry anabweretsa bilu yoti aliyense azipereka msonkho wothandiza aphunzitsi a Chikhristu, koma azisankha yekha mpingo wolandira ndalamayo. Kungomva chabe, zinkaoneka zachilungamo. Madison anayankha mu 1785 polemba chikalata chonena kuti boma lokhoza kukweza Chikhristu pamwamba pa zipembedzo zina likhozanso kukweza mpingo umodzi pamwamba pa mipingo inzake, ndipo lokhoza kukulanda makobiri atatu okha pa zachipembedzo silidzalekera pomwepo. Koma dziwani kuti madandaulo ena olembedwa ndi akhristu wamba, makamaka a Baptist, anasainidwa ndi anthu ochuluka kuposa amene anasaina chikalata cha Madison. Iwo ankati Uthenga Wabwino unafalikira zaka mazana atatu zoyambirira popanda thandizo la mfumu. Biluyo inafera pomwepo, ndipo mu Januwale 1786 lamulo la ufulu wopembedza lomwe analemba Thomas Jefferson, yemwenso anadzakhala pulezidenti, linavomerezedwa.

Sindikubisirani, Jefferson iyeyo ankakayikira zozizwitsa za m'Baibulo, ndipo mwina mphekesera mwamvayo inachokera pamenepo. Komatu mawu ake otchuka aja, onena za khoma lolekanitsa mpingo ndi boma, anawalemba mu 1802 poyankha a Baptist a ku Danbury, ku Connecticut, omwe ankadandaula kuti kwawo ufulu wopembedza ukuperekedwa ngati mphatso ya boma.

Malamulo aakulu a dziko a 1787 analetsa kuti munthu ayesedwe chipembedzo asanapatsidwe udindo m'boma lalikulu. First Amendment ya 1791, yomwe ndi mfundo yoyamba kuwonjezeredwa pa malamulo aakuluwo, inaletsa nyumba ya malamulo ya Congress kukhazikitsa chipembedzo kapena kuletsa anthu kupembedza. Inamanga Congress yokha, osati zigawo. N'chifukwa chake Connecticut inapitiriza msonkho wa mpingo mpaka 1818, Massachusetts mpaka 1833, ndipo Ayuda ku Maryland anadikira mpaka 1826 kuti aloledwe kukhala pa maudindo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha akapolo. Madison ndi Jefferson onse anali ndi akapolo. Nat Turner, kapolo yemwenso ankalalikira, atatsogolera kuukira mu 1831, Virginia yomweyo inaletsa anthu akuda kulalikira kapena kuchititsa misonkhano yachipembedzo, kaya ndi akapolo kaya ndi mfulu. Zomwe anachitiridwa Waller ndi Ireland zinabwereranso pa anthu akuda, lamulo la Jefferson lili chikhalire m'mabuku. Ukapolo utatha mu 1865, a Baptist akuda a ku Virginia anamanga sukulu yawo yaubusa ku Lynchburg. Kumeneko ndi komwe John Chilembwe anakaphunzira asanabwerere ku Chiradzulu mu 1900.