Zilembo zonenepa zozungulira: pachikuto inde, m'kati mwa buku ayi

Mayi wina amene akukonza kabuku ka nthano za ana anditumizira imelo. Ati apeza fonti (mtundu wa zilembo za pakompyuta) ya zilembo zonenepa, zopanda nsonga, zooneka ngati zikuseka, ndipo yawagwira mtima. Akufunsa ngati angalembere fonti imeneyi kabuku konse, kuyambira pachikuto mpaka tsamba lomaliza.

Mayi, pachikuto ikani ndithu. Koma m'katimo musayerekeze.

Zilembo zamtunduwu anazipangira kuitana munthu amene ali patali. Gogo wake wa zonsezi ndi Cooper Black, imene Oswald Cooper anajambula ku Chicago, ndipo kampani ya Barnhart Brothers & Spindler inaitulutsa mu 1922, makamaka kuti izithandiza otsatsa malonda. Dzina lija limaoneka pandege za kampani ya ku Britain ya easyJet ndi zilembo zomwezi. Chimene anthu amazionera ngati zaubwenzi sichovuta kumvetsa. Mu 2001 akatswiri ofufuza za ubongo, Ramachandran ndi Hubbard, anaonetsa anthu zithunzi ziwiri, china chozungulira, china chosongoka, n'kuwafunsa kuti pa mayina awiri ongopeka, "bouba" ndi chiti, "kiki" ndi chiti. Ambiri anati chozunguliracho ndiye "bouba". Diso likaona chozungulira, mtima umamva zofewa.

Vuto lili pa kunenepako. Tayang'anitsitsani "e" wamng'ono wa fonti yanuyo. Mizere yake ndi yokhuthala, ndiye kabowo ka m'kati kamatsala kakang'ono zedi. Pachikuto, chilembo chili chachikulu, kabowoko kamaoneka bwino. Mukachichepetsa kufika pamapointi 11 kapena 12 (kukula kwa zilembo za m'kati mwa buku), inki n'kumwazikako pang'ono papepala, kabowo kaja kamatsekeka. Basi "e" wafanana ndi "c", "a" wafanana ndi "o", ndipo "r" akagundana ndi "n" amasanduka "m". Wamkulu amangolota mawuwo chifukwa anawazolowera, koma mwana amene akuwerenga chilembo chimodzichimodzi amasokonezeka, kenaka amatopa n'kulitaya bukulo. Kuzungulira pakokha kulibe mlandu: VAG Rounded, imene anapangira Volkswagen mu 1979, inakhala zaka zambiri pamabatani a makompyuta a Apple, timalemba tating'ono, chifukwa mizere yake inali yoonda.

Nkhani yeniyeniyo ilembeni ndi fonti yosadzionetsera. Ine ndingasankhe Andika, imene bungwe la SIL International linapangira anthu ongoyamba kuwerenga, ndipo ndi yaulere. Yonenepayo isungireni dzina la buku ndi mitu ya nthano, mawu atatu kapena anayi basi. Musalembe mutu wonse ndi zilembo zazikulu, chifukwa kukoma kwa fonti zoterezi kuli mu zilembo zazing'ono, monga mimba ya "b" ndi mchira wa "g". Musadinenso batani la bold (yanenepa kale, mukufuna iphulike?), ndipo ngati mwaikapo mthunzi, za mzere wozungulira chilembo zisiyeni.

Musanapite kosindikiza, onani chilolezo chake. Fonti zambiri za pa intaneti ndi zaulere pokhapokha ngati simukugulitsa chimene mwapanga. Fredoka ndi Baloo za pa Google Fonts zilibe vuto limeneli. Yesaninso kulemba "ŵ" ndi "ng'" pafonti yanuyo. Zina zilibe "ŵ", ndiye kompyuta imangobwereka chilembo choonda kwina n'kuchilowetsa pakati pa zonenepazo, kapena kuikapo kabokosi kopanda kanthu.