Kwa amene afunsa za Pyanodons: yambani mwapezera phulusa kopita

Achimwene a ku Moatize, mwafunsa kuti popeza munamaliza Factorio wamba (gemu ya pa kompyuta yomanga mafakitale) mpaka roketi kuuluka, kodi mungalowe mu Pyanodons, yomwe ndi mod (chowonjezera chosintha gemuyo), ndi laputopu yanu yakaleyo, nanga mungatani kuti musaisiyire panjira monga achitira ena m'gulu muno. Ine ndikuti lowani. Koma lowani mukudziwa kuti zambiri zimene zinakupambanitsani mu gemu wamba ndi zomwezo zidzakugwetseni kuno.

Tiyambe ndi kutalika kwake, musadzati sitinakuuzeni. Factorio wamba, amene a Wube Software a ku Prague anatulutsa womalizidwa mu 2020, munthu woidziwa amaimaliza m'maola makumi angapo. Mod ya Krastorio 2 imawonjezerapo ndithu koma imatheka bwinobwino. Mod ina, Space Exploration, imadya maola mazana angapo. Pyanodons, imene ambiri amangoitchula kuti Py, anthu amene anafika kumapeto kwake amakamba za maola 1,000 kapena kupitirira. Kwa munthu wapantchito amene amapeza maola awiri madzulo, imeneyo ndi nkhani yopyola chaka. Ngati chimene mukufuna ndi kudzaona mawu oti mwapambana, pitani ku Krastorio 2, palibe chamanyazi pamenepo, ndi mod yabwino kwambiri. Py ndi ya munthu amene amakondwa kukhala usiku wonse akumasula mfundo imodzi, n'kukagona mtima uli mbee chifukwa lamba mmodzi wonyamula katundu wayamba kuyenda.

Tsopano chimene chimaimitsa fakitale mu Py. Mu gemu wamba vuto limakhala kusowa: chitsulo chachepa, mkuwa sukukwana, onjezani migodi. Kuno vuto lalikulu ndi zotsala. Pafupifupi chilichonse chimene mungapange chimatuluka ndi anzake awiri kapena atatu amene simunawaitane, ndipo mmodzi yekha akasowa kopita, makina onse amaima. Tengani malasha. Mukawawotcha m'makina, amasiya phulusa, ndipo phulusalo likadzaza makinawo amazima. Mukawalowetsa m'makina aja otchedwa destructive distillation column kuti mupeze coke (malasha ophikidwa), amatulutsanso phula, mpweya wa malasha ndi iron oxide. Inu mumafuna coke yekha, koma thanki ya phula ikangodzaza, coke nayenso amasiya kutuluka, ng'anjo zimazizira, ndipo mumapezeka mukufufuza vuto kutali kwambiri ndi kumene layambira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndiye Py yonse ndi imeneyo.

Inu a ku Moatize izi mumaziona ndi maso tsiku lililonse. Malasha akatuluka mu mgodi amatsukidwa, ena amakhala osungunulira chitsulo, ena owotcha popanga magetsi, ena ndi zinyalala zongounjika. Njanji ija ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi kupita ku Nacala inamangidwa chifukwa mgodi wopanda njira yotulutsira katundu sungagwire ntchito, ngakhale pansi patakhala malasha ochuluka bwanji. Muziganiza choncho musanaike makina alionse: chimene chituluke muno chipita kuti, nanga kumeneko kukadzaza chidzachitike n'chiyani?

Mod yomweyi imakupatsani zotayira. Pali burner yowotchera zinthu zolimba, sinkhole yomwezera zamadzimadzi, exhaust pipe yotulutsira mpweya, ndi dziwe la tailings pond losungira madzi oipa. Ena amaona ngati kutaya ndi kubera gemu. Ayi ndithu, anaziikamo dala. Chofunika ndi dongosolo lake. Chotsala chilichonse chiyambe chapita kumene chikufunika, ndipo chokhacho chosefukira ndicho chipite kotayira. Pa zamadzimadzi mumaika valavu yotsegula pokhapokha thanki ikatsala pang'ono kudzaza. Mukalumikiza chotayira mwachindunji, chidzameza phula lonse, pamene phula lomwelo ndi limene mudzalifune posachedwa.

Ndikuuzeni chifukwa chake, kuti muonenso mmene Py imalukira zinthu. Mu gemu wamba splitter (chogawa katundu pa malamba awiri) mumaipeza musanathe ngakhale ola limodzi. Kuno splitter imafuna bolodi la zamagetsi, ndipo bolodilo si la mawaya atatu ndi chitsulo chimodzi ayi. Limafuna ma resistor, ma capacitor, ma vacuum tube, solder ndi thabwa lake lopangidwa ndi formica. Formica imafuna utomoni wa mitengo, ulusi wa zomera ndi matabwa onyikidwa mu creosote. Creosote amachokera ku phula lija. Mitengo muyenera kudzala nokha, utomoni muyenera kukhala ndi makina oukhetsa. Choncho kwa maola ambiri oyambirira mumagawa katundu pa malamba opanda splitter, pogwiritsa ntchito ma inserter (timikono tonyamula katundu) ndi mabokosi basi. Tsiku limene splitter yoyamba idzatuluke mudzafuna kuijambula n'kutitumizira m'gulu muno, ndipo ife amene tinadutsamo tidzamvetsa chifukwa chake.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri: mangani zing'onozing'ono. Chizolowezi cha gemu wamba choyala ng'anjo 48 pa lamba mmodzi kuno n'chowononga nthawi. Njira yoyamba imene Py imakupatsani yopangira chinthu imakhala yoipa mwadala, yodya zambiri n'kutulutsa zochepa. Kafukufuku akapita patsogolo mumapeza njira yachiwiri, kenako yachitatu, iliyonse yotulutsa zambiri pa miyala yomweyo koma yofuna makina ena ndi mankhwala ena. Mukamanga chimfakitale chachikulu pa njira yoyamba, mudzachigumula chisanabweze zimene munalowetsa. Makina amodzi kapena awiri pa chinthu chilichonse amakwana. Ngati mabotolo a sayansi, amene amayendetsa kafukufuku, akutuluka ochepa pa mphindi, musadandaule. Nthawi imene inu mukhale mukuganiza za chinthu chotsatira ndi yaitali moti kafukufukuyo adzatha yekha musanakonzeke. Mu Py munthu ndiye amachedwa, makina amakudikirani.

Pa chifukwa chomwecho, ikani bokosi pa mapeto a chilichonse chatsopano, mutseke mipata yake kuti lisadzaze kwambiri. Zitsulo zing'onozing'ono zija za small parts, magalasi, njerwa, mapaipi, injini za nthunzi, zonsezi zimafunika pomanga nyumba zina, ndipo kupanga ndi manja kumatenga nthawi yosaneneka. Malo opangira zipangizo zomangira akhale ntchito yanu yoyamba yeniyeni, ngakhale aoneke osalongosoka.

Gawo limene limadabwitsa anthu ambiri ndi la zamoyo, lochokera mu Alien Life. Mumalima ndere, udzu wa m'nyanja, bowa wotchedwa fawogae ndi maluwa a moondrop, komanso mumaweta tizilombo monga vrauk ndi nyama zazikulu za auog. Nyumba zolimira ndi zowetera sizigwira ntchito mukapanda kuika chomeracho kapena nyamayo m'mipata ya ma module. Yoyamba imavuta kupanga ndipo imadya zinthu zodula, ndiye ana oyamba musawaphe. Abwezereni m'mipata yonse idzaze, khola liyambe kuthamanga, kenako muyambe kutengako. Vrauk musamupeputse poona maonekedwe ake, chifukwa asidi wochokera mwa iye ndi amene amafunika popanga mphira, ndipo popanda mphira sayansi yotsatira imaima. Kunena zoona, gawo limeneli ndi limene ndimalikonda koposa mu mod yonse. Kuona kuti khola la tizilombo kumpoto kwa mapu ndi limene likuyendetsa labu kumwera kumapereka chimwemwe chimene gemu wamba ilibe.

Musayese kusunga maphikidwe onsewa m'mutu, ndi ochuluka kwambiri. Ngati muli pa Factorio 2.0, yomwe inatuluka mu Okutobala 2024, muli ndi Factoriopedia: gwirani Alt n'kudina chinthu, ikuonetsani kumene chimachokera ndi kumene chimapita. Py ilinso ndi buku lake mkati mwa gemu lotchedwa codex, liwerengeni. Onjezani mod imodzi yowerengera, Factory Planner kapena Helmod, kuti muzidziwa makina angati akufunika. Kope wamba ndi cholembera nazonso zimathandiza kuposa mmene mungaganizire. Musanatseke gemu lembani mizere iwiri, chimene mumapanga ndi chimene chatsala. Ambiri amene anasiya Py sanasiye chifukwa inawakanika. Anapuma masabata atatu, mwina kunali maliro kapena ntchito inachuluka, pobwerera anapeza mapaipi mbwee osadziwa kuti ayambire pati, n'kutseka osatsegulanso. Ikaninso zizindikiro pa mapu, malo alionse akhale ndi dzina.

Sitima zikatseguka, yambani kusamuka pang'onopang'ono kuchoka pa chisokonezo choyambacho. Lamba wamkulu wonyamula zonse pakati pa fakitale, amene amagwira bwino mu gemu wamba, kuno amalephera chifukwa mitundu ya katundu ndi yochuluka zedi. Chimene chimagwira ndi timafakitale tating'ono, kalikonse ndi siteshoni yake yolandirira ndi yotumizira. Ma mod a LTN kapena Cybersyn amatumiza sitima kumene kwafunika katundu, koma phunzirani imodzi yokha. Fakitale yakaleyo musaigumule msanga. Isiyeni izipanga sayansi mpaka yatsopano itaima payokha. Palinso nyama zonyamula katundu zotchedwa caravan, zimathandiza pa tinthu tochepa topita kutali tosayenera kuyalira njanji.

Za laputopu yanu. Factorio imadalira kwambiri purosesa ndi memore kuposa khadi la zithunzi, ndipo imayesetsa kuwerengera zonse ka 60 pa sekondi. Fakitale ikakula kuposa mphamvu ya kompyuta, nambala imeneyo imatsika ndipo gemu yonse imayenda mozengereza. Popanga mapu zimitsani adani aja a biter, zimitsaninso utsi woipitsa mpweya. Py simaseweredwa chifukwa cha nkhondo, ndipo ziwirizi zimadya mphamvu ya kompyuta pachabe. Zithunzi za Py n'zazikulu, ndiye tsitsani ubwino wa zithunzi mu ma setting ngati gemu ikuchedwa kutseguka kapena ikudzitseka. Kumanga zing'onozing'ono kuja kukuthandizaninso pano, laputopu yakale ikhoza kukufikitsani kutali musanayambe kumva kulemera.

Mdani weniweni kwanuko ndi kutentha ndi fumbi. Kuno ku Ulongué kumazizira, koma Moatize ndi Tete mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, ndipo laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha. Musaiike pa bedi kapena pa miyendo. Iikeni pa tebulo, kumbuyo kwake muikweze ndi zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Kamodzi pa miyezi ingapo pitani nayo kwa wokonza makompyuta atsegule, apukute fani. Chimene chimatuluka mmenemo chimakhala chikhatha chakuda ngati thonje lonyika m'makala, ndipo akachichotsa mudzamva kuti phokoso lachepa.

Za mamega musaope kwambiri. Py si fayilo imodzi, ndi gulu la ma mod monga Coal Processing, Raw Ores, Petroleum Handling, High Tech, Fusion Energy, Alien Life ndi Alternative Energy, kuphatikizapo mafayilo a zithunzi amene ndi olemera. Kutsitsa koyamba kumadya mamega mazanamazana, ndiye chitani usiku ndi phukusi lotchipa kapena pamalo pamene pali Wi-Fi. Mukatsitsa, gemu imaseweredwa popanda intaneti. Ikani gulu lonse pamodzi kuyambira pachiyambi, chifukwa kuwonjezera ina pakati pa ulendo kumasintha maphikidwe n'kusokoneza zimene munamanga. Space Age, chowonjezera cha Factorio chopangidwa ndi a Wube, muchizimitse posewera Py. Ndipo gemu ikakuuzani kuti pali ma mod atsopano, musathamangire kudina. Werengani kaye zimene asintha, sungani save yanu padera, ndiye muyese. Maphikidwe amodzi akasintha, mzere wonse umene unkayenda bwino ukhoza kuima.

Nthawi ya mvula magetsi amatha kuthima mosayembekezereka, ndipo batire ya laputopu yakale sichedwa kutha. Gemu imadzisungira yokha pa mphindi zingapo zilizonse m'mafayilo atatu osinthana, koma musadalire zimenezo zokha. Muzisunga ndi dzina latsopano mukafika pa chinthu chachikulu, ndipo sabata iliyonse koperani foda ya saves pamodzi ndi ya mods pa fulashi. Pa Windows zonsezi zili mu %appdata%\Factorio. Save ya maola 300 ikatayika chifukwa cha hard disk, palibe amene amakhala ndi mtima woyambiranso.

Cholinga chanu choyamba chisakhale kumaliza. Chikhale splitter. Mukaipeza, chotsatira chikhale sayansi yachiwiri, kenako sitima yoyamba yonyamula katundu yokha. Ngati pofika pa splitter mukumva kuti mukudzikakamiza, siyani ndi mtima woyera mupite ku Krastorio 2. Ngati mukupezeka muli pa chapa (minibasi) mukuganiza za kumene mupititse phula, ndiye kuti yakugwirani ndipo mupitiriza. Makina akadzaima osadziwa chifukwa, jambulani chithunzi mutagwira Alt kuti zizindikiro zioneke, muikenso mbewa ya kompyuta pa makina oimawo kuti tione chimene akudandaula, mutumize pompano tithandizane kufufuza.